Pikiapu ya Amalume Inakazimira pa Kanjedza

Ku koleji ya aphunzitsi ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka. Akuluakulu a kumeneko atandiyang'anitsitsa anaona kuti ana a dziko lino ali kale ndi mavuto okwanira, choncho anandilembera kalata yondifunira zabwino kwina. Ndinafikira kwa amalume ku Chilobwe ndili ndi sutikesi, tayi imodzi, ndi Chingerezi chosowa pochigwiritsa ntchito. Inali nthawi ya Chitaganya, chaka chija ankagwira anthu a ndale n'kumakawatsekera mumpanda wa waya ku Kanjedza.

Amalume anali ndi pikiapu. Anaigula itatopa kale kwa mzungu wina wa kuminda ya tiyi, ndipo ankanyamulira amwenye a masitolo a ku Limbe malata, mchere ndi mabelo a nsalu. Anandiphunzitsa kuyendetsa, ndinapeza laisensi, ndipo kuyambira pamenepo ankandiitana kuti aphunzitsi, makamaka pakakhala anthu.

Galimotoyo inali ndi batire yakufa, inkalira pokhapokha mukaikankha. Amalume ankati chimenecho ndiye chitetezo.

"Wakuba safuna thukuta, aphunzitsi. Mukamaimika, iziyang'ana kumtunda, kumbuyo kwake kukhale khoma kapena ngalande. Wofuna kuiba ayambe wapeza anthu asanu."

Lamulolo linali lanzeru ndithu. Kungoti mwa anthu asanu okankhawo, mmodzi ankakhala ine tsiku lililonse, amalume atagwira chiwongolero.

Lachitatu lina m'mawa tinafika ku Limbe kudzatenga malata. Amalume anawerama pampando wawo ngati akumanga chingwe cha nsapato, monga ankachitira nthawi zonse asanatsike, kenako analowa musitolo kukalankhula ndi mwini wake. Ine ndinaganizira msana wanga, ndinaganiziranso dzuwa. Ndinaitembenuza galimotoyo n'kuiyang'anitsa kumunsi, ndinaika mwala kutsogolo kwa tayala, kiyi m'thumba, ulendo kuseri kwa msika kukamwa tiyi. Ndinadziona kuti maphunziro aja sanapite pachabe.

Pobwera ndinapeza mwala uja utasunthidwira pambali, ndi dontho la oyilo pansi. Ndinayang'ana kumtunda, ndinayang'ana kumunsi. Ndinagwiranso kiyi m'thumba, ngati kuti galimotoyo ingakhale momwemo.

Pakhonde la sitoloyo pankakhala telala wina wachikulire ndi makina ake. Anasiya kupalasa n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mukufuna chiyani, achimwene? Si wapita nayo makaniko wanu?"

"Makaniko uti?"

"Wa ovolosi uja. Wati amalume anu amutuma akaione mabuleki. Anagona pansi pa chiwongoleropo kanthawi, kenako anapempha anyamata a mtengatenga kuti amukankheko. Sanavutikenso, inu. Lero munaiimika bwino."

Amalume anatuluka telala akadalankhula. Anamva zonse ataima chilili. Sanandiyang'ane. Anangofunsa kuti walowera kuti, ndipo telala analoza njira ya ku Blantyre.

Apa ndiyenera kufotokoza chimene chinkawaopsa amalume kuposa kutaya galimoto. Miyezi ingapo m'mbuyomo anthu ena anaichita hayala kupita kumsonkhano wa ndale kunja kwa tauni. Amalume sankadziwa za ndale, ankadziwa za hayala basi, koma ankakhulupirira kuti nambala ya galimotoyo inalembedwa m'buku la winawake. Komanso makolo awo anachokera kudziko la Apwitikizi, anadzera ku Mulanje, ndipo ngakhale iwo anabadwira kuno, ankaopa tsiku limene wina adzawafunse kuti kwanu kwenikweni n'kuti. Galimotoyo ikanapezeka pamalo olakwika, wokatengedwa sakanakhala wakubayo.

"Tipite kupolisi," ndinatero.

"Tikanene kuti chiyani? Kuti ndine mwini wa nambala ija? Tiyeni. Safika nayo patali."

Tikuyenda ndawala m'mphepete mwa msewu anandiululira. Pansi pa mpando wawo anaikapo kampopi pa paipi ya petulo. Chingwe cha nsapato chija chinali bodza, ankatseka kampopiko. Kakatsekedwa, galimoto inkalira ndithu, n'kuyenda pang'ono ndi petulo wotsala mu injini, kenako n'kuzima.

"Bwanji simunandiuze, amalume?"

"Chinsinsi chodziwa anthu awiri ndi chilengezo, aphunzitsi. Ikazimire pabwino basi."

Sinazimire pabwino. Titadutsa nyumba zomaliza za Limbe tinaiona poteropo, itasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira ka m'mbali, chitseko chili pululu. Inaima masitepe ngati makumi atatu kuchokera pa waya wa mpanda wa Kanjedza. Wakubayo ayenera kuti ankathawa maso a pamsewu, osadziwa kumene kanjirako kakupita, ndipo itamuzimira analiyatsa liwiro. Asilikali atatu anali ataizungulira, mfuti zili m'manja. Wachinayi ankalemba nambala.

Tinaima pansi pa mtengo wa bulugama.

"Tibwerere," ndinanong'ona. "Sanatione."

"Nambala aiona. Akabwera kunyumba adzapeza ana."

Anavula wotchi, anatulutsa kachikwama ka ziphaso n'kusankhamo pepala la galimoto lokha, zotsalazo anandipatsa. Anamanga mabatani onse a jekete. Anandiuza kuti ndiziyenda pambuyo pawo, manja aoneke, pakamwa patsekeke.

"Imani pomwepo!" anakuwa sajeni, munthu wakuda wamtali, wa zipsera m'masaya. "Mukufuna chiyani kuno?"

"Galimotoyo ndi yanga, bwana. Yabedwa ku Limbe m'mawa uno."

"Yabedwa? Ndiye wakubayo wakubweretserani kuno kuti mudzaitenge bwino?"

"Yamuthera mphamvu, bwana."

"Mwakanena kupolisi?"

"Ayi, bwana. Tinathamangira kuitsata."

Sajeniyo anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. Anatuma msilikali mmodzi kukaitana mzungu wowalamulira. Tinadikira padzuwa, osasuntha. Kuseri kwa waya ndinkaona anthu atakhala pansi m'mizere, mitu yometa, ena akutiyang'ana. Ndinayesa kuwerenga mizati ya mpanda kuti mtima ukhale pansi, koma ndinkangosokoneza.

Mzunguyo anali wamng'ono kwa ine, wofiira ndi dzuwa. Anasuzumira m'galimoto, anaona mawaya olendewera pansi pa chiwongolero, kenako anapisa dzanja pansi n'kutulutsa pulayala yaikulu yodulira waya. Sinali yathu. Wakuba uja anaisiya pothawa. Mzunguyo anaikweza m'mwamba, anayang'ana mpanda, anayang'ana ife. Palibe anafunikira womasulira.

"Uti amayendetsa?" anafunsa kudzera mwa sajeni.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinali nditakonza kale chiganizo cha Chingerezi chabwino kwambiri, chonena kuti galimotoyo ndinaiimika ndine, molakwika, ndipo kiyi ili m'thumba mwanga. Amalume anandiponda chala.

"Ndimayendetsa ndine, bwana. Uyu ndi mphwanga, wongokankha. Musataye naye nthawi, ngakhale sukulu inamukanika."

Sajeni anamasulira. Mzunguyo anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato, ndipo ndinaona kuti wakhulupirira mosavuta konse. Anakupiza dzanja kuti ndichoke.

"Mwamva, chokani," anatero sajeni. "Madalawa atsala, ayankhe mafunso."

"Amalume..."

"Pitani, aphunzitsi. Mukawauze kunyumba kuti ndachedwa kuntchito. Ndipo telala uja anaona zonse."

Anawalowetsa pachipata atawagwira pamkono. Sanacheuke. Galimoto inatsala pomwepo.

Kunyumba sindinanene kuti achedwa kuntchito. Akazi awo anangoona wotchi m'manja mwanga n'kukhala pansi pakhomo. Ndinawauza zonse, ndi za mwala ndi tiyi zomwe. Sanandikalipire. Anandifunsa ngati telalayo ali ndi ana, ndipo nditati inde, anapukusa mutu.

Nditapita kukamupempha kuti akawachitire umboni amalume, telala anakana. Anati iye amasoka mabuluku, za mipanda sazidziwa, ndipo munthu wopita yekha kukachitira umboni masiku ano amabwerako wopanda tsitsi, ngati wabwerako. Sindinamutsutse, chifukwa ankanena zoona. M'mawa mwake ndinabwera n'kukhala pansi patsogolo pa makina ake, osalankhula. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Makasitomala anayamba kufunsa ngati ndine wamisala wake. Tsiku lachinayi anavundikira makinawo ndi nsalu, anavala chipewa, n'kunena kuti, "Mwana iwe ndiwe tsoka. Tiye." Anatenganso awiri mwa anyamata anakankha aja. Ku ofesi ya pampanda paja anatisunga pabenchi mpaka masana, anawafunsa mmodzimmodzi, analemba, n'kutiuza kuti tizipita. Palibe anatilonjeza kanthu.

Panapita milungu iwiri ndi masiku atatu. Loweruka masana ndikuwaza nkhuni kuseri, ndinamva ana akukuwa kumsewu. Amalume ankabwera wapansi, mutu wometa, jekete itawakulira. Anakhala pampando pakhonde n'kupempha madzi. Ndinawabweretsera, ndinagwada, ndinadikira. Anamwa kapu yonse pang'onopang'ono, akundiyang'ana.

"Akuti tikaitenge Lolemba," anatero. "Malata a anthu aja akadali pasitolo."

Ndinadikira mawu ondidzudzula tsiku limenelo, ndi Lolemba, ndi chaka chonsecho. Amalume anamwalira ine ndili ndi ana atatu, asanandifunsepo chifukwa chimene ndinaitembenuzira galimoto ija.