Malaya Opanda Bowo

Pa msewu wotsikira kumsika palibe amene sawadziwa Atelala. Akhala pakhonde la sitolo ya nsapato zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mashini awo opondera ndi mwendo akulira kuyambira m'mawa, tepi yoyezera ili m'khosi ngati mkanda. Luso lawo lenileni ndi kusoka zong'ambika. Mukawapatsa buluku lopsa ndi ayironi, mawa lake mulitembenuza uku ndi uku kufuna pamene panapsa, osapapeza. Amadzitama nazo mayi amenewa, ndipo sabisa.

Amuna awo ankakonza mawotchi mumsikamo. Tsiku limene asilikali anawombera anthu okana kuchotsedwa pamalo awo ogulitsira, anthu anabwera nawo bambowo kunyumba pa wilibala, ndipo dzuwa lisanalowe anali atatsirizika. Panapita zaka zinayi kuli zii. Kenaka kunamveka kuti khoti la mayiko onse likufufuza za tsikulo, ndipo Atelala anavundikira mashini ndi nsalu nakaima pamzere ku ofesi ya loya wina wamkazi amene ankalemba maumboni.

Loyayo anawalongosolera bwinobwino. Boma linali litatuluka kale m'pangano limene linakhazikitsa khotilo, n'chifukwa chake nduna zinkangobwebweta pa wailesi kuti alendo alibe choweruza kuno. Koma kutuluka sikufufuta zakale. Chilichonse chimene chinachitika dziko lisanatuluke, khoti likhoza kuchimva, ndipo kuwombera kuja kunachitika kutatsala masiku asanu okha. Mtima wa Atelala unakhala pansi, natulutsa kalata ya imfa m'chikwama.

Loyayo anaiwerenga, nkhope n'kugwa. Kalatayo inkati malungo, ndipo tsiku lolembedwapo linali la milungu iwiri pambuyo pake, dziko litatuluka kale. Imeneyo inali ntchito ya alamu awo, achimwene a malemu. Nthawi imeneyo mabanja ambiri ankatero, pakuti wotchula tsiku lenileni apolisi ankamuchezera pakhomo. Alamuwo anachonderera kalaliki wa kuchipatala kuti asunthe tsikulo. Banja analipulumutsa, inde, koma mng'ono wawo anamukankhira kunja kwa mlandu.

Atelala anapita kwa alamuwo mtima uli m'mwamba, kukawapempha kuti akanene zoona. Anawapeza akupukuta njinga, ndipo sanaleke n'kupukuta komwe. Anati ali ndi ana kusukulu, ntchito yawo ndi ya boma, ndipo azungu a khotilo akakwera ndege otsala ndi iwo.

"Mlamu, munkafuna atikwirire tonse?" anafunsa motero, maso ali pa njinga yawo.

Atelala anapsa mtima kwambiri, nabwerera kwa loya uja.

Loya anafunsa ngati panatsala china, kaya chovala chimene malemu anavala tsikulo. Bowo la chipolopolo, anatero, akatswiri amalizindikira, ndipo malungo saboola nsalu. Atelala anati malaya alipo m'sutikesi, koma ananena motsitsa mawu. Anakumbukira sabata ya maliro, anthu atabalalika, manja akusowa chogwira. Anawachapa katatu ndi sopo mpaka magazi onse anachoka. Ndiye iwo, munthu amene sangathe kuona batani lolendewera pa malaya a mlendo m'basi, akanasiya bwanji a amuna awo ali chiboolere?

Lolemba anawapititsa ku ofesi atawasita bwino. Loyayo anawaunika pa windo, nawatembenuza kunja ndi kumkati.

"Mayi, chinalowera pati?"

Atelala analoza m'munsi mwa thumba. Loyayo anavala magalasi, nasisita pamalopo ndi chala. Anati awatumiza ndithu kwa akatswiri, koma sakulonjeza kanthu. Kenaka, mosaganiza, anafunsa kuti katswiri amene anasoka chonchi ndi ndani.

"Ndine," anatero Atelala. "Sindinasokepo bwino ngati tsiku limenelo."