Mabatire Awiri a Kiyibodi ya pa Ulongwe

Chaka chija mvula inadula chimanga chitangomasula ngayaye, ine ndinapeza ntchito yanga yoyamba ya pamwezi. Anthu ankati ndine wamwayi, ndipo ndinkavomera. Bungwe lina logawa chakudya linatsegula ofesi pa Ulongwe, m'nyumba yomwe kale inali sitolo kuseri kwa msika, ndipo linkafuna munthu wodziwa kutayipa. Ine ndinali nditaphunzira zimenezi ku Balaka, koma satifiketi inangokhala m'sutikesi zaka ziwiri. Ananditenga kuti ndizilowetsa mu kompyuta mayina a mabanja oyenera kulandira chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira.

Kunyumba tinali awiri, ine ndi bambo anga. Mayi anali atatisiya kalekale. Bambo anagwira ntchito ya njanji ku Liwonde mpaka ng'ala itaphimba maso awo, ndipo chomwe chinkawasungitsa tsiku chinali kawailesi ka m'manja. Ankakhala nako pakhonde kuyambira m'mawa, kumvetsera za mvula ndi mtengo wa chimanga, ngakhale kuti nkhani zake zinali zokhazokhazo.

Ofesi yathu inali ya zipinda ziwiri. Chakutsogolo munali tebulo ndi kompyuta, chakumbuyo munali matumba mpaka kudenga. Pomwe pali chimanga chotero m'chaka cha njala, makoswe a dera lonse amasamukira pomwepo. Sabata yoyamba anadula nthambo ya kiyibodi. Tinagula ina, anadula ya mausi. Mkulu wa ofesiyo, mayi wa ku Blantyre amene tonse tinkawatchula kuti madamu, anatopa nazo. Atapita kwawo kumapeto kwa sabata anabwerako ndi katoni yaitali, mkati muli kiyibodi ndi mausi zopanda nthambo, ndi kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo kobaya kumbuyo kwa kompyuta.

Sindinganame, zinthuzo ndinazikonda. Makoswe analibenso chodula. Tebulo linayera, panalibenso zingwe zokolana ndi mapepala. Ndipo popeza m'chipindamo munkatentha ngati mu uvuni, anthu n'kumapanikizana pakhomo, madamu anaganiza zoti titembenuzire galasi la kompyuta kuwindo, ine ndizikhala panja pakhonde ndi kiyibodi pa katebulo. Anthu ankabwera pamzere, kutchula dzina, kuonetsa chitupa, ine n'kutayipa pomwepo. Ntchito yomwe inkatenga masiku atatu inayamba kutha tsiku limodzi. Azibambo ena ankawerama kusuzumira pansi pa katebuloko kufunafuna chingwe, ine n'kumaseka chamumtima. Ndinali mtsikana wovala bulauzi yosita pakati pa anthu amene anagona ndi njala, ndipo ndinkanyada.

Chomwe sichinalembedwe pa katoni ija n'chakuti kiyibodi yotere siifa kamodzi. Ya nthambo ikaduka yaduka, umadziwa. Iyi mabatire akayamba kufooka imapitiriza kugwira ntchito, koma imameza zilembo, apa chimodzi, apo chimodzi, mwakachetechete. Ndipo ine ndili pakhonde paja galasi ndinkaliona kudzera m'zitsulo za pawindo, dzuwa likuwalirapo. Mizere ndinkaiona, koma zilembo ndinkachita kutsinzinira.

Mabatire abwino madamu ankabwera nawo kuchokera ku tauni ndipo ankawakhomera mu dilowa. Lachisanu lina anandipatsa awiri atsopano, nati ndisinthiretu chifukwa Lolemba kukubwera midzi itatu ya kwa Nsamala. Nthawi imeneyo kawailesi ka bambo kanali katakhala chete masabata awiri. Mabatire a pamsika ankatha masiku atatu, ndipo kangachepe komwe tinali nako kankapita ku ufa. Bambo sankadandaula. Ankangokhala pakhonde kawailesi kali pamwendo, chala chikupotokola kotsegulira, kenako n'kusiya. Ndinayang'ana mabatire aja m'manja mwanga, ndinaona kuti ndi ofanana ndi a kawailesi, ndipo ndinawaponya m'chikwama. Akale aja ndinawayanika padzuwa masana onse monga timachitira, n'kuwabwezera mu kiyibodi. Ndinadziuza kuti afika Lachitatu.

Bambo anasangalala. Sanandifunse komwe ndawatenga.

Lolemba mzere unakafika kumpanda wa msika. M'mawa zonse zinayenda bwino. Dzuwa litapendeka ndinayamba kuona kuti zilembo zina ndikuchita kumenya kawiri. Zomwe ndinaona ndinakonza. Kudzuka kukapempha mabatire ena sindikanatha, chifukwa madamu akanafunsa za a Lachisanu aja. Ndinangolimbikira, kumenya mwamphamvu, anthu akusuntha, mpaka womaliza. Madzulo madamu anatumiza mndandanda ku likulu la bungwelo, ndipo anandiyamikira kuti ndine wachangu.

Patatha masabata atatu mapepala anabwera osindikizidwa, ndipo tinayamba kugawa. Lamulo linali lakuti dzina ndi nambala za papepala zifanane ndendende ndi za pachitupa, chifukwa kumadera ena anthu ankalembetsa mayina a akufa. Pamene bwalo linkatha anthu, panatsala asanu ndi awiri amene mayina awo sanafanane. Ena anakalipa n'kumapita. Mmodzi anakhala pansi pafupi ndi katebulo kanga mpaka onse atachoka.

Anali mayi wamtali, wowonda, wofunda mpango wakuda wofwifwa, mwana kumbuyo. Dzina lake linali litataya zilembo ziwiri n'kusanduka dzina lina, ndipo nambala yake inaperewera. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anayankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao.

"Achemwali, si inu munandilemba? Ndinakhala pompano. Munandifunsa kuti ana ndi angati, ndinati anayi."

Ndinavomera kuti ndine.

"Nanga dzina langa lapita kuti?"

Ndinamuuza kuti makina analakwitsa. Anayang'ana kiyibodi ija, n'kuyang'ananso ine. Ndinalowa kukapempha madamu kuti timupatse thumba lake, poti tonse tikuona kuti munthu ndi yemweyo, mudzi ndi womwewo. Madamu anati iyayi. Mndandanda unali utatsekedwa ku likulu, ndipo thumba lililonse lotuluka popanda dzina lolondola likanaoneka ngati labedwa. Anandipatsa fomu yokonzera dzina, nati mwezi wamawa zikhala bwino. Thumba la mayiyo linabwerera kuchipinda chakumbuyo kuja, komwe makoswe analiboola sabata yomweyo.

Tsiku lotsatira madamu anandiitana kuti ndifotokoze chifukwa chake mayina asanu ndi awiri analakwika tsiku limodzi. Ndinati mabatire anatha msanga. Iwo anati mabatire amenewo amakhala miyezi, pokhapokha ngati wina anawasintha. Anaganizira alonda athu, bambo wachikulire wa Chisilamu amene ankayenda ndi tochi. Anawaitana, n'kuwauza kuti atsegule tochiyo pamaso pathu. Mabatire a mu tochi anali aakulu, osalowa n'komwe mu kiyibodi, koma madamu anawakalipirabe, kuti pa ofesi pasasowenso kanthu. Alondawo analumbira pa dzina la Mulungu kuti sanagwire chilichonse. Ine ndinaima pomwepo, manja kumbuyo, maso pansi. Ndinkaganiza za malipiro anga ndi za bambo anga, ndipo pakamwa sindinatsegule.

Mwezi wotsatira dzina silinabwere. Ku likulu anati mafomu achuluka, tidikire. Mayi uja anabwera katatu, wapansi, ulendo wonyamuka kusanache. Ulendo wachiwiri ndinakhala naye pamthunzi ndipo anandiuza za kwawo. Mwamuna wake anapita ku Joni zaka ziwiri zapitazo, anaimba foni miyezi yoyamba, kenako zii. Munda unapsa wonse. Ana ankadya mango osakhwima owiritsa, tsiku lina gaga akapeza ganyu, ndipo iye anali atayamba kutsagana ndi amayi ena kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'madambo a Shire, komwe ng'ona zimagwira anthu. Ankafotokoza mopanda kudandaula, ngati akunena za munthu wina. Mawu amodzi okha ndi omwe ankabwerezabwereza m'Chiyao, sala, kutanthauza njala.

Ulendo wachitatu ndinamutengera ufa wa kunyumba m'kajumbo, wokwana mwina masiku awiri. Anaulandira ndi manja awiri, nati sikomo, koma sanandiyang'ane kumaso. Ndinazindikira kuti ndikufuna kuti andithokoze kwambiri kuposa pamenepo, ndipo ndinadzida.

Nthawi yomweyo kunabwera alendo ochokera ku likulu ndi azungu awiri. Anachita chidwi ndi kalembera wathu wa pakhonde. Anandijambula zithunzi nditakhala pa katebulo, kiyibodi yopanda nthambo patsogolo, amayi atandandalika kumbuyo kwanga. Madamu anafotokoza kuti njira imeneyi yafulumizitsa ntchito, ndipo zinali zoona. Za mafomu asanu ndi awiri omwe anali atagona pa tebulo la munthu wina ku likulu palibe anatchula. Galimoto zomwe anabwera nazo zikanatha kunyamula thumba lija n'kukalitula pakhomo pa mayiyo dzuwa lisanafike pamutu.

Dzina linakonzedwa patadutsa miyezi iwiri. Tsiku logawa ndinapempha kuti ndiliitane ndekha. Ndinaitana katatu, palibe anayankha. Mayi wina wa m'mudzi mwawo anandikokera pambali n'kundiuza kuti mnzakeyo anachoka. Mwana wake woyamba, mtsikana wa sitandade seveni, anamukwatitsa kwa bambo wina wogula nsomba ku nyanja ya Chiuta, amene anabweretsa matumba awiri a chimanga. Iye anatenga ana otsalawo n'kuwolokera ku Mozambiki kukasaka ganyu. Ndinafunsa za mwana wakumbuyo uja. Anati pochoka kamwanako kanali katatupa miyendo, zina sakudziwa.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawauza bambo zonse. Anali pakhonde, kawailesi kakulira ndi mabatire ena amene ndinagula ndi malipiro anga, poti aja anali atatha kalekale. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatseka kawailesiko.

"Mwana wanga, ukanandifunsa. Ine kukhala chete ndinazolowera."

Sanandikalipire, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso. Koma kuyambira pamenepo ndikawagulira mabatire ankayamba afunsa komwe achokera, ndipo funso limenelo linkandilasa nthawi zonse.

Ndayesapo kugawa mlanduwu. Ndimati wopanga kiyibodi akanaikapo kanyali kooneka bwino kochenjeza. Ndimati madamu akanatha kutulutsa thumba limodzi n'kulemba kalata yofotokoza. Ndimati a ku likulu, amene ankadya katatu patsiku, sakanasunga fomu miyezi iwiri. Zonsezi n'zoona, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima. Koma ndikamaliza kugawa, gawo langa limatsalabe lonse.

Ntchito yogawa itatha, madamu anandilembera kalata yondichitira umboni. Analemba kuti ndine wachangu, wosamala ndiponso wokhulupirika. Kalata imeneyo ndi yomwe inandipezetsa ntchito ina ku Balaka, komwe ndili mpaka pano. Madamu sanadziwe chilichonse, ndipo alonda aja sindinawapepese.

Mayi uja ndinadzamuonanso kamodzi, pa Liwonde, pokwerera minibasi. Anali atakhala pansi ndi lichero la matemba, atakalamba kuposa zaka zake. Ndinkafuna kudutsa, koma iye anandizindikira.

"Achemwali a makina aja," anatero.

Tinapatsana moni. Anati anabwerako ku Mozambiki, akukhala kwa mchemwali wake pafupi ndi mlatho. Pambali pake panali mnyamata mmodzi ndi mtsikana wamng'ono, ndipo sindinathe kudziwa ngati mmodzi wa iwo anali wakumbuyo uja. Ndinaopa kufunsa. Iye anandifunsa ngati chaka chino kulinso kalembera, poti mvula yavutanso, ndipo ngati alipo ndimukumbukire, ndimulembe bwino. Ndinamuuza kuti ntchito ija ndinasiya. Anagwedeza mutu, natembenukira kwa mayi wina amene ankafunsa mtengo wa matemba. Kondakitala anaitana a ku Balaka, ine ndinakwera.