Ndinagwadira Foni Chifukwa cha Mtengo wa Ndeke

Nditamaliza sukulu kumudzi kwathu kum'mawa, amayi anandikweza basi kuti ndikakhale kwa amalume ku Kafue. Anandilangiza zinthu ziwiri: ndizigwada polankhula ndi akulu, ndipo ndisamayambe nkhani ndisanapereke moni wokwanira. Zonse ziwiri ndinazisunga, mwina mopitirira muyeso.

Amalume anali msilikali kale, wa udindo wa sajenti. Atapuma usilikali analondera pa fakitale ina mpaka pamene matenda a pakhosi anawagwira. Madokotala anawachita opaleshoni, moyo unapulumuka koma mawu anapita. Munthu amene kale akakuwa pa perete asilikali onse ankaima chilili, tsopano ankangonong'ona, ndipo kuti umve unkayenera kusendeza khutu pafupi ndi pakamwa pawo. Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, analibe kuleza mtima kotero. Ine sizinkandivuta, popeza nanenso mawu anga sankapita patali. Posakhalitsa ndinasanduka pakamwa pa amalume: kushopu, kwa aneba, ngakhale kwa ba anti, akazi awo, akakhala kuseri kwa nyumba.

Loweruka lililonse m'mawa amalume ankakhala pakhonde ndi wailesi yawo, kumvera pulogalamu imene anthu amaimba foni. Tsiku lina mlendo wa pulogalamuyo anali mayi wina, phungu wa ku nyumba ya malamulo, wa mu komiti yoona mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Nkhani inali ya zida za asilikali: ndeke, magalimoto ankhondo ndi zina zikuluzikulu. Mayiyo anati m'mayiko ambiri zinthu zimenezi amagwirizana mtengo wina posaina, koma pamene zikufika mtengo umakhala utakwera, ndipo eni ndalama amamva mochedwa.

Ndinkakolopa pafupi. Amalume anandikodola mwamphamvu, maso akuwala ngati a mwana. Anandinong'oneza funso lalitali, lodzaza ndi makontirakiti, masipeya, dola ndi maphunziro a oyendetsa ndeke. Ndinkangogwedeza mutu. Sindinamve kumene funsolo linkalowera, koma ndinaopa kuwauza kuti abwereze. Anandipatsa foni yawo atalemba kale nambala.

Mwamwayi kapena mwatsoka, foni inalowa.

"Halo, muli pa mphepo, kambani!" anatero mkulu woyendetsa pulogalamu.

Miyendo yanga inadzipinda yokha. Ndinagwada pa simenti yonyowa, foni ndaipanikiza ndi phewa kuti manja apeze mpata woomba.

"Mwauka bwanji abambo?"

"Bwino, sisita. Funso yanu?"

"Nanga amayi alendowo ayenda bwanji? Kunyumba asiya bwanji ana?"

Woyendetsa pulogalamu anaseka mpaka kutsokomola. "Bonse bali bwino, na nkhuku zili bwino. Manje funso!"

"Amalume anga akuti... kontirakiti... ndiye masipeya aja..."

Ndinamva akuti, "Tiyeni kuli bena," foni n'kuduka.

Msuweni wanga anali atagona pansi pa mtengo wa mango, akugubuduka ndi kuseka. "Mukazi wanga wa ku mudzi, wagwadila foni! Uganiza bakuona? Nanga mbuzi sunafunse, zauka shani?" Kwathu asuweni amatonzana choncho, ndipo masiku ena ndinkamubwezera. Tsiku limenelo ndinangotola chokolopera changa. Amalume sanandikalipire. Anangozimitsa wailesi, n'kulowa m'nyumba. Masana anadya nshima pang'ono, n'kusamba m'manja ena tisanafike pakati. Munthu anali ndi funso limene analisunga kuyambira ali mu yunifolomu, ndipo ine ndinalitaya ndi moni.

Madzulo ake aneba athu, mayi wokonda wailesi kuposa amalume, anaima pa mpanda. "Uzani ba sajenti basadandaule," anatero. "Mafoni yanachuluka. Bakamba ati baja ba mayi bazabwela futi pa Chibelu." Chibelu ndilo Loweruka. Sindinadziwe ngati ndikondwe kapena ndithawire kumudzi.

Pakati pa sabata ba anti, amene amagulitsa nsomba pa msika, anadwala mwendo, ndipo anandituma ku Chanyanya, kudooko la asodzi, pamodzi ndi amayi anzawo ogula nsomba. Akundimangira ndalama pa chitenje anandiuza lamulo lawo.

"Mvela, mwana wanga. Ukapeza mutengo wakwela, usagule, futi usabwele chabe. Nitumile foni pamene apo uli pa madzi. Nizakuuza: gula, chepesa, olo leka. Ndalama ni yanga, nifunika kuziba ikalibe kuyenda."

Ku Chanyanya kunali mphepo. Mabwato ambiri anali pamtunda, ndipo asodzi ochepa amene analowa m'madzi anakweza mtengo. Amayi aja anakangana nawo, njinga zikudikira ndi madengu opanda kanthu. Ine ndinapatuka n'kuimba foni. Ba anti anafunsa chifukwa chake, ndinawauza za mphepo, iwo n'kuti, "Tenga milamba ing'ono, zinango leka. Tizagula mphepo ikasila." Ndinachita momwemo, ndipo pobwerera mtima unali m'malo.

Nditafika, amalume anandifunsa ndi manja kuti ulendo unali bwanji. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kufotokoza zonse, za mphepo, za mtengo, za foni. Ndisanamalize anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Ndiye funso langa limenelo," ananong'ona. "Iwe walidziwa kale."

Kenaka anandifotokozera pang'onopang'ono, popanda mawu a ku kampu. Anati mtengo wa ndeke ukakwera si nthawi zonse kuti wina waba. Mwina dola yakwera, mwina anaiwala kuwerengera masipeya, mwina oyendetsa ayenera kukaphunzira kunja. Imeneyo ndiyo mphepo yake. Koma wotumidwa akakhala chete mpaka katundu atafika, palibenso amene angathe kunena kuti gula, chepetsa kapena leka. Ndipo ndalama yowonjezerayo imachoka penapake: pa nsapato za msilikali, pa denga la nyumba yake, pa mankhwala a kuchipatala. Iwo ankangofuna kudziwa kuti wotumidwa ndi boma amaimbira ndani, ndipo amaimba liti.

"Bwanji simunanene choncho poyamba, amalume?" Ndinadabwa ndekha kuti ndawafunsa motero.

Anaseka, kuseka kwawo kopanda mawu kogwedeza mapewa okha. "Bwanji sunanene kuti sunamve?"

Masiku otsalawo ndinalowa usilikali. Amalume ankandiimika ku mpanda, iwo n'kukhala kutali pafupi ndi mpopi, dzanja ali nalo kukhutu. Ndikalankhula motsitsa ankapukusa mutu n'kumenya ndowa ndi kamtengo. Anandiphunzitsa lipoti la msilikali: moni umodzi, ndiwe ndani, wabwera ndi chiyani, basi. Moni umodziwo ndinachita kuwapempha. Pa zogwada tinalimbana. Iwo ankati munthu akagwada mawu amathera m'mimba. Ine ndinati amayi anandilangiza, ndipo phungu ndi munthu wamkulu ngakhale asakundiona.

Ba anti ndi amene anaweruza, ali pa mpasa mwendo atautambasula. "Musiyeni agwade, imwe. Na ku chechi timagwada, koma timakuwa mpaka malata yamvela."

Loweruka linafika. Msuweni wanga anagula yekha tokitaimu ya mu foni, akuti kuseka ngati kwa sabata yatha sikupezeka kwaulere. Popeza woimba foni amauzidwa kutsitsa wailesi yake, aneba aja anatulutsa chiwailesi chawo chachikulu cha masipika awiri, n'kuchiika pa mpando pafupi ndi mpanda kuti onse amve. Amalume anavala malaya oyera n'kupukuta nsapato, ngati kuti akupita kukaonekera.

Tinayesa kambirimbiri foni ili yotanganidwa. Nthawi ya pulogalamu inkatha, ndipo amalume anayamba kuyang'ana pansi. Kenaka inalowa. Ndinagwada, koma msana ndinauwongola.

"Mwauka bwanji nonse. Ndine mtsikana wa ku Kafue, ndatumidwa ndi amalume anga."

"Aaa, ni uja wa moni!" anafuula woyendetsa pulogalamu. "Bana bali bwino, sisita, osafunsa. Kamba!"

Ndinapuma kamodzi. "Amayi, ine akandituma nsomba ku Chanyanya n'kupeza mtengo wakwera, ndimaimba foni ndisanagule, kuti eni ndalama anene: gula, chepetsa kapena leka. Amalume akufunsa kuti boma likatuma anthu kukagula ndeke za asilikali, mtengo n'kukwera pakati pa njira, otumidwawo amaimbira ndani? Ndipo amaimba asanagule, kapena katundu atafika kale?"

Ndinayang'ana foni, kuopa kuti yadukanso.

"Mwanawe, funso lako ndi limene nafenso timalimbana nalo," anayankha mayi uja. Anati zida za nkhondo zili ndi zinsinsi zimene sizinganenedwe pa wailesi, monga mphamvu zake ndi kumene zimasungidwa, koma mtengo sukuyenera kubisidwa kwa aphungu ndi kwa ofufuza mabuku a boma, ngakhale atauzidwa chitseko chili chotseka. Anavomera kuti kawirikawiri malipoti amafika zinthu zitachitika kale. Iye ankafuna kuti pakhale malire odziwika, kuti mtengo ukangowadumpha, ogulawo azibwerera kudzafotokoza chifukwa asanapitirize. "Sindikulonjeza kuti zichitika mawa," anatero, "koma nsomba zakozo ndikazitchula mu komiti."

"Nanga ba malume bali kuti?" anafunsa woyendetsa pulogalamu. "Bayopa wailesi?"

"Ali pompano. Anali msilikali, koma mawu awo anatha ndi matenda."

"Bapase foni. Olo banong'one, tizamvela."

Amalume anakana ndi dzanja. Ine, amene sindinawatsutsepo pamaso pa anthu, ndinayenda ndi maondo n'kuwaika foni pakamwa. Anandiyang'ana, kenaka ananong'ona.

"Zikomo amayi. Muzitiuza msanga."

Pakhondepo mawuwo sanamveke n'komwe. Koma patangopita kamphindi anatulukira ku mpanda, m'masipika a aneba, aakulu, okhakhala, odzaza bwalo lonse: ZIKOMO AMAYI. MUZITIUZA MSANGA. Nkhuku zinabalalika. Mnyamata wina amene ankadutsa pa msewu ndi wilibala anaima n'kucheuka.

Amalume anadzuka pa mpando. Anagundanitsa zidendene, chifuwa patsogolo, n'kuchitira sailuti wailesi ya aneba. Ba anti anaimba nthungululu, mwendo wodwala atauiwala. Msuweni wanga anakuwa kuti, "Ba dadi babwela!" n'kuyamba kuguba mozungulira mtengo wa mango, tsache lili pa phewa.

Ine ndinali chigwadire, foni ili m'manja, ndikuseka ndi misozi yomwe. Amalume anawerama n'kusendeza pakamwa pa khutu langa monga mwa masiku onse.

"Wamva?"

"Ndamva, amalume. Mpaka ku njanji amva."

"Dzuka tsopano," ananong'ona. "Lipoti lafika."