Kodi Derek Watera?

Ntchito yanga yoyamba ku Leicester anandipezera ndi Anti Esinati, omwe tinkapemphera nawo ku Highfields. Anati kampani yawo ikufuna munthu wosamalira mayi wina ku Oadby. Ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti Oadby ndi kuti.

Mayiwo anali a Joan, odwala matenda oiwala, miyendo nayonso itafooka. M'mawa ndinkavala epuloni ndi magolovesi, kuwapisa lamba kumsana, kumukoleka pa hoyisiti, makina onyamulira odwala, n'kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pa wilutcheya. Zina zonse, kuwadyetsa, kuwatembenuza, kuwapesa, ankachita ndi amuna awo, a Derek. Popanda bambowo, mayi sakanakhala pakhomo pawo.

Koma bambo amenewo ndi ndege, eee! Anali ndi kandege kakalekale ka mapiko osanjikiza, kokutidwa ndi nsalu, koliza pozungulitsa pulopela ndi manja. Loweruka ndinkatsala ndi mayi kuti bambowo akauluke. Ndinkawanena kuti chiphakasa chimenecho n'chotaya. Ankangoseka: "Ine ndi kandegeko ndife amsinkhu umodzi, Grace, ndipo tonse tikuyendabe."

Loweruka lina ndikuwamwetsa tiyi mayi, apolisi anagogoda. Kandege kaja kanagwa m'munda wa tirigu katangonyamuka, a Derek n'kufera pomwepo. Kukanakhala kwathu ndikanabuma maliro, anthu n'kudzaza bwalo. Apa msewu unali zii, wina akutsuka galimoto yake.

Apolisi anawauza mayi. Analira mpaka kusanza. Patapita kanthawi anapukuta maso n'kundifunsa bwinobwino: "Kodi Derek watera?"

Ndinaimbira supavayiza. Anati, "Musawauzenso. Mukawauza, kwa iwo ndi maliro atsopano. Muzingoti akubwera."

Ndinanama choncho m'mawa ndi masana, mpaka mwana wawo atabwera kuchokera kunja n'kuwapezera malo ku kheya homu, nyumba yosamalira okalamba, ku Wigston. Tsiku lowasamutsa anakakamira chitseko ndi manja onse, akuti amuna awo akatera sadzawapeza. Ndine ndinawamasula zala, chimodzi ndi chimodzi, ndikuwauza kuti a Derek akuwadikira komweko. Anandithokoza. Abale, zinandiwawa.

Mpaka lero ndili pa ntchito yomweyi. Chimene ndinaphunzira m'nyumba imene ija n'chakuti pali anthu amene sungawapulumutse. Umangowasambitsa, kuwadyetsa, n'kuwanamiza mokoma mtima. Anzanga amati ndidzazolowera, koma ine sindinazolowerebe.