Kamzere Kamene Kanabwerera

Ntchito yanga chaka choyamba payunivesite ku Leicester inali kufafaniza kamzere. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi mmene zinalili. M'maselo a khansa ya mtundu wina mumakhala puloteni imene imawachititsa kuswana osalekeza. Ife mu labu yathu tinkayesa mankhwala atsopano, oti aigwire puloteniyo n'kuipereka kwa tinthu timene timasesa zinyalala m'selo, kuti tiiphwanye itheretu. Ine ndinkalera maselo m'timbale tapulasitiki, kuwathira mankhwalawo, kenako kuwayeza. Pamapeto pake makina ankatulutsa chithunzi chotuwa chokhala ndi timizere takuda tondandalikana. Kamzere kakuda kankatanthauza kuti puloteni ikadalipo. Kakazilala, ndiye kuti mankhwala agwira.

Ndinaphunzira pasukulu ya kumudzi kwathu ku Ntchisi, kumene ukalakwitsa samu unkaima kutsogolo kalasi yonse ikukuyang'ana. Ndinakula ndikudziwa kuti kwa munthu wamkulu umapita ndi ntchito yoyera, yomalizika. Aprofesa amene ankandiyang'anira, mayi wamtali wa imvi, anandiuza tsiku loyamba kuti ndiziwatchula dzina lawo lenileni, osati Aprofesa. Lilime linakana. Ndikafuna kuwayankhula ndinkaima pambali mpaka atembenuke okha.

Kumapeto kwa chaka kunali kuunika. Akakhutira nawe umapitiriza maphunziro. Akapanda kukhutira umabwerera kwanu, viza n'kuthera pomwepo. Mayi anga anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo akupanga mankhwala a khansa ku Mangalande.

Mankhwalawo sindinkapanga ine. Ankapanga mnzanga wina wa kemisitiri, mnyamata wa ku Corby wokonda nthabwala, ndipo kuwapanga kunamutengera kuyambira nyengo yachisanu mpaka masamba ataphukanso. Anandipatsa m'kachubu kochepa kuposa chala changa chaching'ono, pansi pake pali kaufa koyera ngati fumbi la choko.

"Usayetsemule," anatero. "Ukayetsemula, ndisamukira kwanu ku Malawi, uzikandidyetsa."

Ndinaseka chifukwa iye anaseka.

Ndinasungunula kaufako n'kukathira m'timbale motsatana, kuyambira pang'ono kwambiri mpaka kochuluka, monga mmene iyeyo anandilangizira. Tsiku limene chithunzi chinatuluka ndinachiwerenga kuchokera kumanzere. Kamzere koyamba kanali kakuda bii. Kachiwiri kanatuwa. Chapakati panalibe kanthu, mbee! Koma maso atafika kumanja, kumene ndinathira mankhwala ambiri kuposa kwina konse, kamzere kanabwerera. Tiwiri ta kumapeto tinali takuda ngati sindinathiremo chilichonse.

Ndinatseka kompyuta msanga ngati wina wandipeza ndikusamba. Mchere ukauchulutsa m'ndiwo suchepa. Ndinadziuza kuti ndasokoneza machubu, kuti ya kumanja ndaiika kumanzere. Sindinauze munthu. Ndinayambanso mwakachetechete, chubu iliyonse ndikuilemba pachivindikiro ndi m'mbali momwe. Kamzere kanabwerera. Ndinasintha maselo, ndinasintha madzi onse, ndinayambanso. Kanabwereranso pamalo pomwe paja. Ndipo nthawi iliyonse ndikatsegula firiji, timadzi ta m'kachubu ka mnzanga tinali titatsika.

Aprofesa akandidutsa m'khonde ankafunsa, "Zikuyenda?" Ine ndinkati, "Zikuyenda bwino," ndikumwetulira, kenako n'kukabisala m'chimbudzi.

Ndinkakhala ku Braunstone m'nyumba ya mayi wina wa ku Zomba, wogwira ntchito yosamalira okalamba. Sitinali pachibale, koma ndinkawatcha azakhali. Mmawa wa tsiku limene ndinayenera kuonetsa zotsatira pamitingi ya gulu lathu, anandipeza kukhitchini tiyi atazizira m'kapu. Iwo anali akusita yunifolomu.

"Iwe mtsikana, nkhope imeneyo ndi ya chibwenzi kapena ya mimba?"

"Ayi azakhali, ndi ntchito."

"Ntchito yanji yoonda nayo chonchi? Ine ndimanyamula anthu akuluakulu shifiti yonse, koma taona mkonowu. Tandionetsa."

Ndinawaonetsa pafoni, n'kuwafotokozera kuti timizere timayenera kuzilala mpaka kumapeto. Anachiyang'ana atachiika patali ndi maso.

"Ndiye vuto ndi tiwiri timeneti basi? Dula! Ine chithunzi cha ukwati wa mng'ono wanga ndinadulamo apongozi ake, mpaka lero palibe wadandaula."

Anaseka mpaka kutsamira tebulo. Iwo ankangocheza, ankafuna ndimwe tiyi. Koma nditakhala m'basi ndinatulutsa foni, n'kukoka m'mphepete mwa chithunzicho ndi chala. Tiwiri tija tinachoka. Chimene chinatsala chinali chokongola ngati za m'mabuku: kuda, kutuwa, kutha. Ndinachiyang'ana mpaka basi inandipitiriza pamene ndimatsikira. Sabata yoyamba payunivesitepo akuluakulu anatisonkhanitsa ophunzira atsopano n'kutiuza kuti wodula chithunzi pofuna kubisa zotsatira amachotsedwa, ndipo dzina lake silidzayeranso. Ndinalowa mu labu ndi zithunzi ziwiri, chodula ndi chathunthu, chilichonse chili ndi njira yake yondibwezera ku Ntchisi.

Chipinda cha mitingi chinali chaching'ono, chonunkha khofi. Nthawi yanga itakwana ndinaima kutsogolo monga ndinkaimira pa samu paja. Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinaona mnzanga wa ku Corby atakhala pafupi ndi khomo, ndipo ndinakumbukira kuti miyezo yonse anandiuza ndi iyeyo. Akanawerenga timizere n'kupeza kuti tachepa. Ndinatsegula chathunthu.

"Pepani," ndinatero, mawu akutuluka pang'ono. "Ndikuganiza kuti pali pamene ndikulakwitsa, koma sindikupapeza."

Aprofesa anadzuka, n'kupita pakhoma pamene chithunzi chinkaonekera, n'kuika chala pa timizere ta kumapeto. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Kenako ndinamva tebulo ikumenyedwa.

"Ndi ameneyo!" anakuwa mnzanga uja, akunena mankhwala ake. "Wagwira, mwana wanga wagwira!"

Aprofesa anatambasula manja awiri n'kufotokoza. Mankhwala athu ali ndi manja awiri. Lina limagwira puloteni, lina limagwira kosesa kaja, n'kuzikumanitsa. Ine m'mutumo ndinaona nkhoswe. Koma akachuluka kwambiri, uyu amagwira puloteni yekha, uyo amagwira kosesa yekha, ndipo ziwirizo sizikumananso. Kubwerera kwa kamzereko chinali chizindikiro chakuti mankhwala akugwira mwa njira imene tinkafunayo.

Zimenezi ndinali nditaziwerengapo m'mapepala. Koma ndinkaona ngati za m'mapepala zimachitikira anthu ena. Pa chithunzi changa, chimene chinabwera msanga m'mutu ndi chakuti ndalakwa.

Ndisanapume n'komwe, aprofesa anatembenuka.

"Unayamba kuziona liti zimenezi?"

"Mwezi watha."

"Mwezi watha? Nanga nthawi yonseyi umatani?"

"Ndimabwereza."

Mnzanga anasiya kumwetulira. "Katenge kachubu kaja," anatero.

Ndinapita kufiriji n'kukatenga. Analandira kachubuko n'kukakweza pawindo. Pansi pake panali kadontho kamodzi. Ntchito yotsatira, imene aprofesa ankafuna ichitike kuunika kusanafike, inkafuna ochuluka kuposa pamenepo. Sanandikalipire. Anangotseka chivindikiro mosamala n'kunena kuti ayambiranso Lolemba. Ndikanakonda akanandikalipira.

Anthu atatuluka, aprofesa anandiuza nditsale. Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, manja pamaondo, ndikuganiza mmene ndidzawauzire mayi. Iwo anati manja anga ndi abwino, chifukwa kupeza chinthu chomwecho mobwerezabwereza si aliyense amatha. Koma anati sangathe kuyang'anira munthu amene amayankha kuti zikuyenda bwino nyumba ikupsa. Anati adzauza ounika kuti ndipitirize, pokhapokha Lolemba lililonse ndiziwabweretsera chithunzi choipa kwambiri cha sabatayo, chimene sindikufuna aone.

"Wamva?"

"Ndamva."

"Ukuvomera chifukwa wamva, kapena chifukwa ndine ndanena?"

Ndinafunafuna pankhope pawo yankho limene ankafuna. Anagwedeza mutu n'kutsegula chitseko.

Chithunzi chodula chija ndinachifafaniza m'basi pobwerera. Kunyumba azakhali anandifunsa ngati andichotsa sukulu. Nditati ayi, anati ndiye ndisese pabalaza.

Lolemba ndinaima pakhomo la ofesi ya aprofesa ndi pepala m'manja. Linali ndi chithunzi chothimbirira, chifukwa ndinaiwala kuthira madzi ena ofunika. Ndinagogoda, koma pang'ono kwambiri moti ngakhale ine sindinamve. Ndinaima pomwepo. Mnzanga wa ku Corby anatulukira m'khonde atanyamula mabotolo ake otsuka, akupita kukayambiranso. Anandiyang'ana, anayang'ana chitseko, n'kuchimenya katatu ndi chigongono, osaima.

"Lowani!" anatero aprofesa.