Magineto ya Kumanzere

Ndikukumbukira bwalo la ndege la pafamu imene ndinakulira, cha kufupi ndi Kasisi. Linali bwalo la dzina lokha: mzere wautali wa udzu wotchetcha, shedi yamalata, ndi kandege kamodzi koyera ka mipando inayi. Mwini famu ankakatuma kukatenga mankhwala a ng'ombe ndi masipeya a mathirakitala. Woyendetsa anali Ba Chanda, munthu wamfupi wa nthabwala zosatha. Wokonza injini anali atate anga, amene kuseka ankasungira masiku a zikondwerero.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a giredi seveni, atate anandilonjeza kuti ndikakhoza adzandipemphera malo m'kandegeko. Ndinakhoza, ndipo mwini famu analola kuti ndikwere nawo pa ulendo wa ku Mkushi, kupita ndi kubwera Loweruka lomwelo. Ine pakamwa panga sipankagona nkhani. Pofika Lachitatu, ana onse a pakomboni anali atamva, makamaka Bupe, mtsikana amene anakwerapo lifiti ya m'nyumba yosanja kamodzi ku Lusaka n'kutisowetsa nayo mtendere chaka chonse. Ndinamuuza kuti ndikamadutsa pamwamba pa nyumba yawo ndidzawerenga miyala yotsendereza malata.

Loweruka kunacha bwino, mvula itakata. Amayi anali atandiluka tsitsi mothina mpaka nsidze zinakwera, ndipo ndinavala diresi la pa Khirisimasi. Anzanga anandanda pawaya wa mpanda, Bupe ali patsogolo. Nditakwera m'kandegemo, atate anandimanga lamba okha, n'kumuyesa kawiri. M'katimo munkanunkha mafuta a ndege ndi mipando yotenthedwa ndi dzuwa. Injini italira, kandege kanayamba kuyenda pang'onopang'ono, mame akuthothoka m'mapiko, ine mtima uli m'mwamba ndege ikadali pansi.

Za magineto ndinkazidziwa kale, chifukwa kwathu zinkakambidwa kuposa za ndiwo. Ndi kachipangizo kochepa ngati chitini cha jamu, kamene kamazungulira ndi injini n'kumapanga kokha moto wa kumapulagi, osadalira batire. Injini ya ndege imakhala nazo ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, kuti ina ikafa m'mwamba inzake ipitirize. N'chifukwa chake ndege isananyamuke, woyendetsa amaima kumapeto kwa bwalo, n'kuponda buleki, n'kukweza injini, n'kupotoza kiyi kuti amve magineto iliyonse payokha.

Ba Chanda anapotozera kumanja. Injini inangotsika mawu pang'ono, monga zimayenera kukhalira. Atapotozera kumanzere, inatsokomola, kandege konse kananjenjemera mpaka mano anga anagundana. Anabwezera kiyi pakati, zonse zinasalala. Anati mwina ndi pulagi yakuda chabe, ndiye anachepetsa mafuta n'kuilola injini kulira mwamphamvu kuti itenthe zinyalalazo. Anayesanso kumanzere. Kutsokomola komwe kuja.

Ndinasuzumira pazenera n'kuona atate ali chilili paudzu, mutu atapendeketsa. Kenako anakweza dzanja n'kulidutsitsa pakhosi. Chizindikirocho ndinkachidziwa: chinkatanthauza kuti injini izimitsidwe.

Pulopela itaima, Ba Chanda anatsegula chitseko n'kuyankhula ndi atate. "Ba Phiri, ya kumanja ili che bwino. Si ndiye chifukwa zili ziwili? Tizaiona tikabwela. Onani mwana mwamene wavalila."

"Yachiwili ni yobwelela nayo kunyumba, si yochokela nayo panyumba," anatero atate. Ndiyeno anatembenukira kwa ine. "Nelia, seluka."

Ndinawapempha ndi maso kuti asanditsitse, koma iwo anali kale kalikiliki kumasula lamba. Kuchokera pandege kukafika pampanda panali pafupi, koma sindinayendepo mtunda wautali ngati umenewo. Nsapato zinanyowa ndi mame. Pampanda paja Bupe anandilonjera mwaulemu kwambiri: "Ah, mwabwela kudala? Ku Mkushi kuli bwanji?" Ndinalira njira yonse, ndipo ndinena poyera kuti tsiku limenelo atate anga ndinawada.

Ndinawanyanyala milungu iwiri. Madzi osamba m'manja ndinkawapatsa nditagwada bwinobwino, koma nkhope ili kukhoma. Iwo sanandikalipire. Masana ena anangondiitanira kushedi. Pathebulo anali atayala nsalu yoyera, ndipo magineto ija inali itaphwasulidwa, tizitsulo tonse tili pamzere. Anatola giya yaing'ono ya pulasitiki n'kuiika m'dzanja langa. Mano ake atatu anali atathyoka, ndipo oyandikana nawo anali ndi ming'alu. Anandiuza kuti giyayo ndi imene imagawira moto kupulagi yoyenera pa nthawi yake, ndipo ikanatha kuyoyoka yonse tili pamwamba pa mapiri. Ndinaiyang'ana, ndinamvetsa, koma mkwiyo wa mwana sumva za magiya. Ndinaibweza pansalu n'kutuluka.

Masiku amenewo mushedi munali mkangano. Ba Chanda ankafuna kuti achotse magineto zonse ziwiri n'kuika za mtundu wina, zopepuka, zimene zikatopa umangozitumiza n'kulandira zina. Ankati n'zachangu, ndipo ndege siikhalitsa pansi. Atate ankakonda zakale zolemerazo, chifukwa munthu umatha kuzitsegula maola ake akakwana, n'kusintha tizipangizo ta m'katimo monga mapoyinti ndi kondensa, n'kuona ndi maso ako chimene chikutha. Ankati chinthu chimene sunachione m'kati sungachilumbirire. Onse awiri anali ndi mfundo, koma wosayina m'buku la injini anali atate, ndiye zawo zinapambana. Anaitanitsa giya yatsopano kunja kwa dziko, n'kutsegulanso magineto ya kumanja kuti aione.

Kupambana kwawoko ndi kumene kunandimaliza. Giyayo inatenga milungu isanu ndi umodzi kuti ifike, ndipo pofika ine ndinali nditapita kale kusukulu yogonera komweko, ku Katete kwawo kwa amayi. Pobwera patchuthi chachiwiri ndinapeza mushedi muli matumba a feteleza. Famu inali itagulitsa kandege kaja, ndipo sindinakakwerenso.

Lero pabwalo paja pali mapuloti. Anthu ogwira ntchito ku Lusaka anamangapo nyumba za mipanda ya njerwa, ndipo inenso ndine mmodzi mwa odzuka m'mamawa kukalimbana ndi mzere wa magalimoto pamsewu waukulu. Ndege ndakwerapo zingapo, zazikulu, za ntchito. Ndimamva kuti m'tindege tambiri masiku ano amaika moto wa kompyuta mbali imodzi, wosafuna kutsegulatsegula koma wodalira magetsi, n'kusiya magineto imodzi kuti izilondera. Atate, amene anapuma ntchito ndipo akulima ku Nkomeshya, atamva zimenezi anang'ung'udza kaye, kenako anati bola imodziyo anaisiya.

Chaka chatha ndinawapeza akusenda chimanga pakhonde, zala zija zitauma ndi ukalamba. Ndinakhala pamphasa n'kuyamba kuwathandiza. Ana anga tsopano aposa msinkhu umene ndinali nawo tsiku lija, ndipo mantha a kholo ndikuwadziwa. Ndinawapepesa chifukwa cha milungu iwiri ija, n'kuwafunsa ngati akanaimitsa ndegeyo mukanakhala kuti munakwera munthu wina.

"Aliyense nikanamuselusa," anatero, osasiya kusenda. "Koma iwe, Chanda akanakana kuzimya, nikanagona pasogolo pa mawilo."