Wosoka Nsapato Alibe Chidindo

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu a Wansapato akhala pageti la laibulale, ulusi kukamwa, nsapato ya wina pabondo. Palibe wogwira ntchito m'nyumba ya mabukuyo amene sanamusokereko. Ngakhale chikwama cha mayi wapakauntala, wobwereketsa mabuku, anachiika zipi ndi iwowa.

Koma a Wansapato eni akewo anali asanalowemo. Analowa chaka chino, akazi awo atapezeka ndi matenda a shuga, chilonda cha kuphazi chikukana kupola. Kuchipatala adokotala analankhula mothamanga ngati akuthawa mvula, akazi awowo n'kubwerako ndi mantha okhaokha. A Wansapato anasamba m'manja kawiri, nalowa, napeza buku lofotokoza zonse: zakudya, mankhwala, kasamalidwe ka mapazi.

"Ndibwerekeko ili, mayi, ndikawawerengere akunyumba."

"Mudzaze fomu iyi, bambo," anatero mayi wapakauntala. "Apa adinde abwana anu akuntchito."

"Abwana anga ndani? Ntchito yanga si iyo mumaionera pawindoyo?"

"Ine ndikukudziwani bwinobwino, koma lamulo likufuna chidindo."

Ha, chidindo! Anthu inu, izi zimapsetsa mtima. Pakhoma analembapo zilembo zikuluzikulu kuti mabuku ndi a aliyense, kuti dziko limatukuka ndi kuwerenga. Aliyense wake uti? Wogulitsa tomato chidindo akachitenga kuti? Nanga wokonza njinga? Kapena amene analemba lamuloli ankaganiza kuti matenda amayamba afunsa kaye kumene munthu amagwira ntchito. Zamanyazi!

A Wansapato sanatukwane. Anatuluka, nang'amba katoni ya nsapato, nabwerera ndi pensulo. Kuyambira tsiku limenelo masana alionse ankasiya makasitomala akung'ung'udza pageti, iwo ali pakona kukopera bukulo liwu ndi liwu. Anayambira tsamba loyamba lenilenilo, kuopa kudumpha chofunika, monga amasokera nsapato osasiya mpata. Koma dzanja lozolowera singano lija pensulo linkaikoka movutikira, moti tsamba limodzi linkawadyera masiku awiri.

Lachisanu ataweruka anapeza akazi awo atasanjika phazi pampando.

"Bambo akunyumba, nanga za chilondazi bukulo likuti chiyani? Chayamba kuda m'mbalimu."

A Wansapato anatembenuza makatoni awo onse asanu ndi anayi, imodziimodzi. Anali akadali pa zakudya. Za mapazi zinali kumapeto kwa buku, ndipo laibulale satsegula mpaka Lolemba.